Sabata Yosaka Mawu Oyamba a Munthu

Lolemba, 2 Juni

M'mawa. Lero ndiye lero! Kunja kukuzizira koopsa, koma ine thukuta lili kamukamu, ngati tsiku lomwe ndidayamba kugwira choko.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wanga Mphatso, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, adanditumizira kanema pafoni sabata yatha. Anthu ophunzira mpaka tsitsi kusosoka akukangana za mmene munthu adayambira kulankhula. Wina akuti tidayamba ndi manja. Wina akuti tinkatsanzira kulira kwa nyama. Wina akuti ndi kubuula kwa ululu. Wina akuti ndi nyimbo za pantchito. Mapeto ake: sakudziwa! Onsewo!

Ine ndaphunzitsa Chichewa moyo wanga wonse mpaka kupuma. Fodya ndagulitsa kale, chatsala ndi mtedza basi. Funso lotere likhale lopanda yankho ine ndili pano? Ayi ndithu.

Vuto la anthu aja ndaliona. Amangokhala m'maofesi n'kumalankhula za kusalankhula. Palibe woyesa. Ine ndiyesa, pakhomo pano, ndi banja langa. Tibwerera pachiyambi penipeni, n'kumakwera pang'onopang'ono:

- Lolemba: manja ndi nkhope basi
- Lachiwiri: kutsanzira kulira kwa zinthu
- Lachitatu: mfuu, monga aa! ii! ee!
- Lachinayi: kung'ung'udza pantchito
- Lachisanu: liwu limodzi limodzi
- Loweruka: ziganizo zathunthu
- Lamulungu: misa ikatha, lipoti ku kagulu kathu ka aphunzitsi opuma!

Wapampando wa kaguluko, a Kamwendo, ndidawauza kale. Iwo akuti, "Nkhani imeneyo idathera pa nsanja ya Babele, achimwene." Ndidawayankha kuti pa Babele zilankhulo zidangochuluka, sikuti zidayambira pamenepo. Adangoyasamula. Tionana Lamulungu!

Pa tiyi ndafotokoza zonse. Mkazi wanga, a Nankhoma, akufunsa, "Ndiye kuti inunso simulankhula?" Ndati eya. "Sabata yathunthu?" Ndati pafupifupi. Achita chizindikiro cha mtanda n'kuvomera pompo. Changu chimenechi chandidabwitsa pang'ono.

Tadala, chitsirizira chathu, yemwe adamaliza koleji ndipo akudikira ntchito, akuti, "Nanga mauthenga a pafoni?" Ndi anzake, ndalola. Ndi ife, ayi. Kulemba kudabwera mochedwa, choncho n'koletsedwa. Kupatula buku lino. Muno akulemba ndi wofufuza, wosalankhulayo ndi wina.

Masana. Zikuyenda! Zizindikiro zabadwa kale:

- kusisita pamimba: njala
- kudzikumbatira: ndazizidwa, juzi ili kuti
- zala ziwiri pamutu: mbuzi
- zala ziwiri pamutu, kuloza kumunda, kudumphadumpha: mbuzi zili mumtedza!!

Chomalizachi Tadala waganiza kuti ndikuvina, ndipo wayamba kundiombera m'manja. Pomwe amazindikira, mbuzi zamwaza kale mulu wathunthu. Palibe kanthu. Anthu akale nawonso ayenera kuti adaluzapo mtedza.

Ndachita ngati ndikudzithira madzi, a Nankhoma n'kuloza kubafa. Madzi aliko kale! Umboni woyamba! Inde, madziwo amaika nthawi yomweyo tsiku lililonse chikwatiranirane, koma lero ndachita kuwapempha ndi manja.

Madzulo. Aneba athu, mai a Yosefe, akudutsa ndi mtolo wa nkhuni. "Mwaswera bwanji aphunzitsi?" Ndawomba m'manja, ndawerama, ndamwetulira. Abwereza mokweza. Ndamwetulira kwambiri. Apita akucheukacheuka.

Chomwe ndaona lero: munthu wa manja umamumva ukamuyang'anitsitsa. Ukacheukira kumbali, chiganizo chakudutsa. Ndakhala ndikuyang'ana a Nankhoma tsiku lonse. Ali ndi kachipsera pachibwano. Kadabwera liti kameneka?

Lachiwiri, 3 Juni

M'mawa. Tsiku la kutsanzira. Apa ndiye kwathu! Chichewa chadzaza ndi mvekero: chubwi, gubudu, phwa, ngwe, gogogo. Ndinkawauza ana m'kalasi kuti mawu amenewa ndi akale kuposa agogo a agogo awo, iwo n'kumasinza. Lero ndikatsimikiza.

Koma kuyesera pa anthu odziwa Chichewa n'kubera. Pafunika munthu amene sitimvana naye n'komwe. Ndipo lero ndi tsiku la msika ku Dzaleka! Anthu a ku Congo, a ku Burundi, a ku Rwanda, onse pamalo amodzi. Ophunzira a m'kanema aja akadadziwa zomwe tili nazo ku Dowa kuno akadalira.

Wa njinga yamoto ndamulozera chakum'mawa n'kuchita "vuuuu". Wakaima pachigayo. Ndakaniratu kutsika. Waona dengu langa, wakumbuka kuti lero n'Lachiwiri, ulendo wapitirira.

Masana. Msika! Makutu anga akhuta lero. Uku Chiswahili, uku Chirundi, uku Chifalansa, wailesi ikuimba Chilingala. Ndaima pakati ngati mwana wolowa m'golosale koyamba.

Ndasankha mayi wogulitsa nkhuku amene ndamumva akulankhula zosamveka ndi mnzake. Ndikufuna thadzi loti lizitiikira mazira. Ndapinda mikono, ndakupiza zigongono: "Ko-ko-ko-kwee!"

Wandiyang'ana. "Bambo, mukufuna nkhuku? Yaikazi kapena tambala?"

Chichewa choyera! Choposa cha ana ena amene ndidawaphunzitsa ndekha!

Sindinabwerere m'mbuyo. Koma "yaikazi" imalira bwanji? Ndanjuta pansi ngati ndikuikira dzira. Anthu ayamba kusonkhana. Ena akweza mafoni. Ndadzuka, ndayesanso, ndipo mwamanyazi mwatuluka "kokolirikoo". Basi, andimangira tambala. Za mtengo ndisanene. Mvekero sunenerera.

KOMA! Tamvani izi! Anthu aja aona kuti pali masewera, ayamba kuloza tambalayo aliyense n'kumatchula m'chilankhulo chake. Mayi uja akuti "inkoko". Bambo wina wogulitsa anyezi akuti "kuku". Ife timati nkhuku. Ko-ko! Ku-ku! Nkhu-ku! Mayiko atatu, kulira kumodzi! Tsitsi landiimirira. Ndatsala pang'ono kukuwa chiganizo chathunthu.

Kenako telala wina wa ku Congo watulutsa mutu pawindo: "Nsoso!"

Nsoso. Ndi nkhuku yanji imalira kuti soso? Ameneyu salowa mu lipoti.

Madzulo. A Nankhoma ayang'ana tambala watsopano. Ayang'ana tambala wathu wakale. Ayang'ana ine. Atsonya. Kutsonya n'kwa mawa, koma ndazisiya.

Lachitatu, 4 Juni

M'mawa. Tsiku la mfuu. Zololedwa: aa, ee, ii, oo, ha! Zimenezi basi.

Tadala wanyamuka kupita ku Ntchisi, komwe amuitana kuti akamuyese ntchito. Akagona kwa azakhali ake kumapiri, kumene netiweki imapezeka munthu akakwera pachulu. Watsanzika ndi "Ii!" wautali. Mwana womvera.

Atambala awiri aja akumenyana chiyambire m'bandakucha. Nthenga pabwalo ponse. Ndaganiza zomangira mlendoyu kakhola kuseri kwa chigafa cha fodya. Hamala yaphonya msomali n'kupeza chala changa.

"Mayo ine!"

Zatuluka zokha! Sindinaganize, sindinakonze. Ndaima n'kuiwala ululu. Munthu wa imvi, mayi ake adagona kalekale kumanda, koma zikathina akuitana mayi! Kodi liwu loyamba si limeneli? Ndathamangira buku lino chala chikudontha magazi. Ngati tsambali lili ndi madontho, ndi a sayansi.

Ndabwerera kukapitiriza kukhoma. Pansi pa denga la chigafa pali chisa cha mavu. Sindinachione. Iwo andiona. Limodzi landiluma pamlomo wam'mwamba, chakumanzere. Mfuu zomwe zatuluka apa sizilembeka.

Masana. Mlomo watupa ngati mbatata. Pakamwa papotokera mbali imodzi. Ndikumwa tiyi ngati mwana, theka likutsikira pamalaya.

Kenako amayi a mphakati wathu atulukira, mai a Yosefe patsogolo, makolona m'manja. Zikuoneka kuti kanema wa ine ndikuikira dzira ku Dzaleka wafika pagulu la pafoni la parishi. Ndatchuka!

"Aphunzitsi, mukutidziwa ife?"

"Ee!"

"Tatchulani dzina langa."

"Aa..."

"Taonani pakamwapo, anzanga! Amalume anga zidayamba chonchi!"

Atembenukira kwa a Nankhoma kufunsa kuti zayamba liti. A Nankhoma akweza mapewa, "Hmm!" Basi. Osaphwanya lamulo ngakhale pang'ono! Mkazi ameneyu akadapita patali ndi sukulu akadakhala pulofesa. Ndikuona ngati pakona pa mlomo wawo pakunjenjemera, koma mwina n'kuzizira.

Atipempherera kolona yathunthu. Ine ndayankhira mumtima.

Madzulo. A Kamwendo afika panjinga yawo yakapalasa, ali wefuwefu. Andigwira dzanja n'kumalankhula mokweza ngati ndagontha: "Achimwene! Ndine KA-MWE-NDO!" M'maso mwawo muli misozi. Chandikhudza, ndisaname. Anthu timakangana nawo zaka zonsezi osadziwa kuti amatikonda. Ndawapatsa "Oo!" wachikondi kwambiri amene ndikadatha.

Zopeza za lero:
- ndi "aa" ndi "ee" basi, ndadzaza bwalo ndi anthu
- mfuu imaitana anthu msanga, koma siiwauza chomwe awaitanira
- mavu alibe ulemu

A Kamwendo apita kuseri kwa nkhokwe ndi foni yawo. Kaya akuimbira yani.

Lachinayi, 5 Juni

M'mawa. Tsiku la kung'ung'udza pantchito. Kumunda ndi a Nankhoma, kukathothola mtedza. Chifunga chadzaza m'chigwa, mapiri akungooneka nsonga.

Ndayamba chapansipansi: "Hee-ya." Kuthothola. "Hee-ya." Kuthothola. Patapita kanthawi ndikumva kuseri kwa mulu: "Hoo-ya." Ayankha! Hee-ya, hoo-ya, hee-ya, hoo-ya, manja akuyendera pamodzi, dengu likudzaza lokha. Sitidagwirepo ntchito mokoma chonchi chikhalire. Apa ndiye pali nkhani! Mwina munthu adayamba kuimba asanayambe kunena!

Matumba atha. A Nankhoma atsikira kunyumba kukatenga ena, kudzera njira ya kudimba.

Madzulo. Ndikulemba nditakhala pakhonde. Dzanja silikufuna, koma wofufuza amalemba zonse.

A Nankhoma atangochoka, galimoto yaima m'mphepete mwa munda. Watsika Mphatso. Ndevu zosameta, kumapazi masilipasi a kubafa. Kumbuyo kwake a Kamwendo. Wathamanga modumpha mizere, wagwada patsogolo panga: "Ababa, musaope, ndabwera."

Ine: "Hoo-ya."

Ndikuvomera, pamenepa ndalakwitsa.

Andinyamula atatu, iye, a Kamwendo ndi dalaivala. Chipewa chatsala m'munda. Ulendo wa ku Mtengowanthenga, kuchipatala. M'galimoto ndikudziuza kuti ndipirire, mawa liwu limodzi limodzi liloledwa, ndidzangoti "bwino" zonse n'kutha. Mphatso wandigwira dzanja njira yonse. Akuimbira mkazi wake: "Sakundizindikira."

Dokotala wake ndi mtsikana waulemu kwambiri. Akuti kwezani mikono, ndakweza. Tsinzinani, ndatsinzina. Wayang'ana mlomo: "Apa alumidwa ndi mavu kapena njuchi. Koma kusalankhulaku kukundidetsa nkhawa." Wayamba kunena zotitumiza ku Lilongwe kuti akandijambule m'mutu.

Mphatso watuluka. Chitseko chatsala chotsegula. Ndikumuona pakhonde, chipumi watsamiritsa kukhoma, mapewa akugwedezeka. Bambo wa ana awiri. Ndidamuona komaliza akulira chonchi ali mu yunifolomu ya pulayimale.

Kafukufuku wathera pomwepo.

"Mphatso, mwana wanga, ndili bwino. Ndi kafukufuku chabe. Wa kanema udanditumizira uja."

A Kamwendo agwa chogwada pasimenti. "Alankhula! Kolona ya dzulo ija!" Amayi odikira pamabenchi ayamba nthungululu osadziwa n'komwe nkhani yake. Wina wandigwira malaya kuti dalitso limukhudzeko.

Dokotala waseka mpaka kuvula magalasi. Koma sanandisiye. Wandiyeza, ndipo akuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo si za lero. Mapiritsi tsiku lililonse. Mchere pang'ono. Ndibwerenso mwezi ukatha.

Pobwerera m'galimoto muli zii. Chete uyu si wanga. Chapafupi ndi kwathu Mphatso wangoti, "Kakanema kakafupi kaja, ababa?"

Tapeza a Nankhoma ali pamsewu, chipewa changa m'manja, maso ofiira. Adabwerera kumunda n'kupeza mizere yopondedwa, ine kulibe. Amukumbatira Mphatso, alowa naye kukhitchini, alankhula naye nthawi yaitali. Ine andipatsira chipewa osandiyang'ana.

Lachisanu, 6 Juni

M'mawa. Ndalengeza pa tiyi kuti malamulo onse achotsedwa. Aliyense alankhule mmene akufunira! Mphatso wati, "Zikomo kwambiri, bwana." A Nankhoma andilozera shuga.

Masana. Amene a Nankhoma alankhula nawo lero:

- Mphatso
- Tadala, amene wabwera kuchokera ku Ntchisi, ndipo atamva nkhani yonse waseka mpaka kukhala pansi m'fumbi
- mai a Yosefe
- mbuzi
- tambala wa ku Dzaleka
- mphika wa nyemba utasefukira

Amene sanalankhule naye: ine.

Ndatuma Tadala kukafunsa. Yankho labwera: "Uwauze abambo ako kuti ine ndikadali pa Lolemba. Anthu akale aja sadathamange chonchi."

Kunena zoona, mfundo yake ndi yolondola! Zinthu zotere zidatenga mibadwo. Ndalemba.

Yankho lachiwiri labwera ndisanafunse: "Chaka chonse ndakhala ndikuwauza kuti akayezetse magazi, ngati ndikuuza mtondo. Koma kuti mwana wanga achoke ku Lilongwe ndi masilipasi, chimenecho sindinavomere."

Anthu akubwera kudzaona wochira. Abweretsa maungu, nzimbe, mbatata, wina mazira. Aliyense ndikumufotokozera bwinobwino kuti sindidadwale, kudali kufufuza chiyambi cha chilankhulo. Ndikuyambira pa manja, kufika pa mvekero, mpaka inkoko ndi kuku. Mai a Yosefe akugwedeza mutu mwachisoni n'kuuza anzawo chapansipansi, "Mutu umabwerera pang'onopang'ono."

Mphatso wanyamuka dzuwa litapendeka. Wafufuta kanema uja m'foni mwanga ine ndikuona. Akuti, "Ababa, ndimafuna kukutumizirani wina wa ulimi wa nsomba, koma ndaopa mungakumbe pabwalo." Kenako wandikumbatira mwamphamvu mpaka mlomo wotupa uja kupweteka. Sindinadandaule.

Nyemba za lero zilibe mchere. Ndachita chizindikiro chothira mchere. A Nankhoma achita chizindikiro cha bokosi la maliro. Chamveka msanga kuposa zizindikiro zanga zonse.

Madzulo. Ndikusenda nzimbe pakhonde, Tadala wabwera kudzakhala pambali panga. Za ntchito akuti adzamuimbira. Kenako: "Ababa, amama akuti Lolemba lija mudawayang'ana kumaso tsiku lonse. Akuti akamalankhula mumayang'ana nyuzipepala."

Ndamufunsa za kachipsera ka pachibwano kaja.

"Kameneko? Adagwa ndi ndowa pachitsime chaka chomwe ndinkalemba mayeso a Sitandade 8. Adakuuzani. Mudati pepani."

Izi sindikudziwa kuti ndizilembe pansi pa mutu uti.

Loweruka, 7 Juni

M'mawa. Tsiku la ziganizo zathunthu, ndipo ndili ndi pulani yatsopano! Ngati manja adandilowetsa m'mavuto, ziganizo zinditulutsa. Ndikapepesa. Ndakonza mawu ndikumeta ndevu.

Ndawatsatira kumunda. Ndaima patsogolo pa mulu womwe akuthothola, chipewa pachifuwa.

"Mayi a Mphatso, ndikadadziwa kuti zifika pomuliza mwana, sindikadayamba."

Aima. Andiyang'ana. Zikuyenda!

Ndipo pomwepo chandigunda ngati mphezi. NDIKADADZIWA! Liwu limeneli ungalinene bwanji ndi manja? Mbuzi ungailoze, ilipo. Njala ungaisisite, ilipo. Koma dzulo ungaliloze kuti? Nanga chinthu chomwe sichidachitike n'komwe? Manja amathera pa zomwe zili pamaso. Munthu adafunika mawu tsiku lomwe adafuna kunena za kale, za mawa, ndi za zomwe zikadakhala! Mwina tsiku lomwe adafuna kupepesa!

Ndawafotokozera zonsezi. Ndafotokoza nthawi yakale, nthawi yamtsogolo, ndi ntchito ya kaphatikizo "kada". Ndapereka zitsanzo. Ndajambula pansi ndi kamtengo. Pomwe ndimadzutsa mutu, dzuwa lakwera, iwo ali pa mulu wachitatu, ndipo ndazindikira kuti kupepesa kuja ndakusiya panjira.

Aika chala pamlomo. Andikankhira dengu ndi phazi.

Ndakhala pansi. Tathothola. Patapita nthawi andiponyera mtedza umodzi waukulu, wa njere zitatu, wagwera pamwendo panga. Kaya ndi chikhululuko, kaya amafuna kundigenda. Manja ali ndi vuto limeneli.

Masana. Tambala wa ku Dzaleka wamuchotsa diso tambala wathu. Mlandu waweruzidwa ndi a Nankhoma, ndi chala chimodzi chodutsa pakhosi. Mawa tidya nkhuku. Inkoko. Kuku.

Abwera akatekisiti. Akuti mawa pa zolengeza ndikaime kutsogolo ndikathokoze mpingo chifukwa cha mapemphero. Ndawauza kuti ndikanena zoona zokhazokha. Akuti, "Chabwino, bola mukafupikitse."

Mwayi wake! Tchalitchi chonse, kenako kagulu ka aphunzitsi! Malipoti awiri tsiku limodzi!

Madzulo. Mfundo za mawa:

1. Manja amatha mbuzi, samatha dzulo.
2. Nkhuku, inkoko, kuku. Wina akafunsa za ku Congo, nthawi yatha.
3. Zikathina munthu amaitana mayi.
4. Hee-ya, hoo-ya.
5. Babele ndi nkhani ina, a Kamwendo.

Ndasita suti yanga yaimvi. Yathina pang'ono m'chiuno, koma ikwana.

Lamulungu, 8 Juni

A Nankhoma adalawirira ndi amayi anzawo kukasesa m'tchalitchi, Tadala kukwaya. Ndavala ndekha, ndatseka nyumba, ndayenda ndekha, mfundo zili m'thumba.

Pa zolengeza andiitana. Ndaima kutsogolo, jekete ndamasula mabatani kuti ndipume bwino. Tchalitchi chadzaza. A Nankhoma ali pabenchi yoyamba, mbali ya amayi. Nditangoti "Abale ndi alongo", ndawaona akundichitira chizindikiro: dzanja pansi, kenako kulikokera m'mwamba.

Kwezani mawu! Ndakweza.

Abwereza, maso ali tong'o. Pansi, m'mwamba. Ndamva: yambirani pachiyambi mpaka kumapeto. Mtima wanga wasungunuka. Akundichirikiza pamaso pa anthu onse! Ndayambira pa manja. Ndanjuta pang'ono posonyeza za ku Dzaleka. Ndatambasula mikono pofotokoza za dzulo lomwe sililozeka. Anthu akumwetulira. Amayi ena akuyang'ana kudenga, ndikuganiza kuti akusinkhasinkha. Atsikana a kwaya abisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Tadala sakuoneka, wawerama kuseri kwa ng'oma.

Ndamaliza ndi kunena momveka kuti sindidadwale ndipo padalibe chozizwitsa. Awomba m'manja. Akatekisiti ayambitsa nyimbo yothokoza chifukwa cha kuchira kwanga.

Kagulu ka aphunzitsi takumana pansi pa mtengo wa m'bawa. A Kamwendo akuti poona mmene thanzi langa lilili, si bwino kunditopetsa, lipoti lidikire ndikapeza bwino. Onse avomera. Takambirana za mipando yomwe idabwerekedwa pamaliro osabwezedwa. Mfundo zanga zabwerera m'thumba momwe zidachokera.

Kubwerera kunyumba, awiriwiri, chitunda chija. A Nankhoma patsogolo, ine pambuyo. Tadutsa pamjigo. Tadutsa nyumba ya mai a Yosefe. Titapitirira nyumba yomaliza, aima, acheuka, ayang'ana uku ndi uku.

"Bambo a Mphatso. Zipi."

Ndayang'ana pansi.

"Chiyambire m'tchalitchi. Ndakulozerani mpaka mkono kuwawa."

Ndipo atatsegula pakamwa sanatsekenso. Za sabata yonse zatuluka pa chitunda chimenecho: mtedza womwe mbuzi zidamwaza, denga la khitchini lomwe likudontha chiyambire dzinja, mapiritsi omwe ndaiwala kumwa m'mawa uno, mantha omwe adawagwira atapeza chipewa chokha m'munda. Ndamva zonse. Panalibe nyuzipepala yoti ndiyang'ane.

Nkhuku ya ku Dzaleka ndi yolimba, ndipo ilibe mchere.

Mmene munthu adayambira kulankhula, sindikudziwa. Ophunzira a m'kanema aja sakudziwa, inenso ndalowa m'gulu lawo, kungoti iwo sadanyamulidwe m'munda. A Kamwendo akadzandifunsa ndidzangoti mwina padali mayi wina, kalekale, amene adatopa ndi kuloza.

Kafukufuku ndatseka. Zipi nayonso.